Thanthwe la Pansi pa Chidikha cha Lilongwe

Mawu amene anaperekedwa kwa mafumu, makhansala ndi mamembala a makomiti a chitukuko pa nkhani ya mijigo ndi migodi.



Pali dandaulo limene silisowa pamisonkhano ya chitukuko, ndipo kawirikawiri limabwera ndi mkwiyo. Midzi iwiri yoyandikana imalandira mijigo chaka chimodzi, okumba ake amodzimodzi, makina akenso omwewo. Mjigo wa mudzi wina umatulutsa madzi chaka chonse, pomwe winawo ukangofika mwezi wa Okutobala umayamba kulira zitsulo zokhazokha, amayi n'kubwerera kukatunga kudambo. Zikatero ena amati okumba anabisa mapaipi, ena amati malo anasankhidwa mokondera khomo la amfumu, ndipo ena amayang'ana anansi awo ndi diso lokayika. Nthawi zina zolakwa za anthu zimakhalapodi, ndipo ziyenera kufufuzidwa. Komatu pamlandu wotere pali mboni ina imene siitanidwa kubwalo, chonsecho ndi imene ikudziwa zambiri. Mboniyo ndi thanthwe limene lili pansi pa mudziwo.

Nkhani ya thanthweli yakula msinkhu masiku ano chifukwa china. Ku Kasiya kwapezeka miyala ya mtengo wapatali yotchedwa rutile ndi graphite, ndipo miyalayi ili m'gawo lomwelo la nthaka limene mijigo imatungamo madzi. Amene akufuna kulankhulapo mwanzeru pa za madzi kapena pa za mgodi ayenera kuyamba wadziwa chimene chili pansi pa mapazi a anthu a m'boma lino.

Aliyense amene anakumbapo chitsime kapena chimbudzi amadziwa kuti dothi lili ndi malire. Pansi pa katondo, pansi pa makande a kudambo, pansi pa mchenga wa mumtsinje, pali mwala wolimba umene umayala dziko lonse la chidikha cha Lilongwe n'kupitirira mpaka ku Mchinji, Kasungu, Dowa ndi Dedza, ngakhalenso kutsidya kwa malire ku Zambia ndi ku Mozambique. Akatswiri a miyala amautcha Basement Complex, kutanthauza maziko amene miyala ina yonse ya m'dziko muno inadzagonapo pambuyo pake. Gawo lalikulu la Malawi lakhala pa maziko amenewa.

Mwala wake ndi wachilendo pa chinthu chimodzi: ulibe mipata. Mchenga wa m'ndowa umamwa madzi chifukwa pakati pa timchenga pamakhala malo. Koma mwala wa kwale, uja amaswa anyamata m'mbali mwa msewu, ngakhale utagona m'madzi sabata yathunthu, pouswa m'kati mwake mumapezeka mouma. Timibulu timene timaupanga tinakulira pamodzi pa moto waukulu, n'kulowanalowana mpaka osasiya poti dontho lingabisale. Mfundo imeneyi ndi imene ikulamulira nkhani yonse ya madzi a pansi m'boma lino.

Mwala wofala kwambiri kuno umatchedwa gneiss. Umadziwika ndi mizere yake yoyera ndi yakuda imene imayenda mondondozana, kwinaku ikupindikapindika ngati chitenje chokwinyika. Woupenyetsetsa amaona kuti si chinthu chimodzi. Muli timibulu towala ngati galasi ta quartz, amene ndi nsangalabwi ija ana amatola m'minda. Muli timibulu toyera kapena tofiirira ta feldspar, ndipo timeneti ndi timene timachuluka. M'mizere yakuda muli mica, tizidutswa topyapyala tija timanyezimira mumchenga wa mumtsinje dzuwa likawomba, pamodzi ndi mwala wina wakuda wotchedwa hornblende. Ziwirizi zili ndi chitsulo. M'malo ena mumapezekanso timibulu tofiira ta garnet, graphite wakuda amene amadetsa zala, ndi timchenga ta rutile tochepa kwambiri moti maso paokha sangatizindikire. Palinso granite, mwala wa timibulu tomweto koma wopanda mizere, umene unali chiphalaphala chotentha n'kuumira pansi pa nthaka. Mapiri a Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, ali ndi mwala wotere.

Mayinawa sakutchulidwa pofuna kulemetsa mitu ya anthu. Chilichonse mwa zinthuzi chili ndi khalidwe lake chikakumana ndi mvula, ndipo khalidwe limenelo ndi limene limapereka mtundu wa dothi, kukoma kwa madzi ndi chuma chimene makampani akuchilondola.

Koma choyamba, kodi mwala umapindika bwanji ngati nsalu? Chikhungwa cha dziko lapansi si chamtunduumodzi. Chinagawikana m'mapale akuluakulu amene amayenda pang'onopang'ono, masentimita ochepa pachaka. Mapale awiri akakumana, amakankhana kwa zaka mamiliyoni ambiri. Pamwamba pamatukuka mapiri, ndipo miyala ina imakanikizidwira pansi, makilomita 20 kapena 30. Kumeneko kutentha kumapitirira madigiri 600, ndipo mwala, ngakhale usasungunuke, umafewa moti umatha kupindika osasweka. Matope ndi mchenga zimene zinadikha pansi pa nyanja zakalekale zimasanduka gneiss. Mizere ija ndi chipsera cha kukanikizidwako. Motero mwala uliwonse wa mizere umene uli pabwalo la mudzi lero unaphikidwa pansi penipeni pa phiri limene kulibenso.

Akatswiri amadziwa zaka za miyalayi poyeza kamwala kakang'ono kotchedwa zircon. M'kamwalaka mumakhala uranium amene amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika, choncho kuchuluka kwa mtovuwo kumaonetsa nthawi imene yapita. Kuyeza kumeneku kwaonetsa kuti maziko a Malawi anaumbidwa pa kukankhana kukuluukulu kutatu. Koyamba kunachitika zaka pafupifupi 2,000 miliyoni mpaka 1,800 miliyoni zapitazo, ndipo kumatchedwa Ubendian potengera dera la Ubende ku Tanzania. Miyala yake ikuoneka kumpoto, kumapiri a Misuku m'boma la Chitipa, kumene mizere yake imayenda kuchokera kumpoto chakumadzulo kulowera kummwera chakummawa. Kachiwiri kunadza zaka pafupifupi 1,000 miliyoni zapitazo, ndipo dzina lake la Irumide linachokera kumapiri a Irumi ku Zambia. Miyala yambiri ya kummawa kwa Zambia ndi ya m'chigawo chapakati cha dziko lino ili ndi zizindikiro za nyengo imeneyi.

Kachitatu ndi kumene kunasiya chidindo chachikulu. Zaka pakati pa 600 miliyoni ndi 500 miliyoni zapitazo, zigawo zimene lero ndi Africa, South America, India, Madagascar, Antarctica ndi Australia zinasonkhana n'kukhala dziko limodzi lalikulu limene akatswiri amalitcha Gondwana. Umodzi mwa misoko yake unadutsa kummawa kwa Africa, ndipo umatchedwa Mozambique Belt. Panatukuka mapiri amene akatswiri ambiri amawayerekeza ndi Himalaya wa masiku ano. Miyala yakale ija inaphikidwanso, inapindidwanso, ina n'kusungunuka kumene. Nthawi imeneyo padziko panalibe mtengo ngakhale umodzi, ndipo zamoyo zinali m'madzi basi.

Mapiri amenewo anatha. Mvula, mitsinje ndi mphepo zinawaperesa kwa zaka mazana a mamiliyoni mpaka mizu yake inatulukira poyera. Chidikha cha Lilongwe, chimene chili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pomwe pamalekezera nyanja yamchere, ndi chitsa cha mapiri amenewo. Mapiri oima paokha monga Bunda, Ngala ndi Nkhoma ndi zigawo za mwala zimene zinakana kuperesedwa pamene zinzake zinkatha. Si mapiri onse a m'dziko muno amene ali a m'banja limeneli: Mulanje ndi Zomba ndi ana a dzulodzulo powayerekeza ndi maziko, pakuti ndi ziphalaphala zimene zinaboola thanthwe lakalelo zaka zongopitirira 100 miliyoni zapitazo. Malasha a ku Mchenga m'boma la Rumphi nawonso ali m'miyala ina imene inagona pamwamba pa maziko.

Chomaliza kuchitika ndi kung'ambika kumene kunabala nyanja ya Malawi, ndipo sikunathe. Mbali ziwiri za chigwa cha nyanjayi zikutalikirana ndi mamilimita ochepa pachaka. Woyenda pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima, akamatsika zitunda zija, amakhala akutsikira m'ng'anjo imeneyi, imene pansi pake penipeni m'nyanja ndi pakuya mamita pafupifupi 700. Chivomerezi chimene chinapha anthu ndi kugwetsa nyumba ku Salima mu Malichi 1989, ndi zija za ku Karonga mu Disembala 2009, zinachokera m'kung'ambika komweku. Chochititsa chidwi n'chakuti m'malo ambiri ming'alu yatsopanoyi imalondola mizere yakale ya m'thanthwe, monga momwe chikuni chimang'ambikira motsata mitsempha yake. Omanga sukulu ndi zipatala m'boma lino asamaganize kuti nkhani ya zivomerezi ndi ya anthu a kunyanja okha. Maziko olimba ndi lamba wa simenti pamwamba pa zipupa si zokongoletsera nyumba.

Tsono ngati thanthwe lilibe mipata, madzi a m'mijigo amachokera kuti? Yankho lake n'lakuti mwala umawola. Chidikha chino chakhala chosasunthika kwenikweni kwa nthawi yaitali, mvula ikugwa, kunja kukutentha. Madzi a mvula amakhala ndi kaukali pang'ono, ndipo akalowa m'nthaka amadya mwala kuyambira pamwamba. Feldspar amafewa n'kusanduka dongo. Dongo loyera la ku Linthipe m'boma la Dedza, loumbira makapu ndi mbale, linabadwa motero. Mica wakuda ndi hornblende zimatulutsa chitsulo chimene chimachita dzimbiri, ndipo dzimbiri limenelo ndi limene limafiiritsa katondo. Pena chitsulocho chimaundana n'kukhala lubwe, uja amathira m'misewu. Quartz ndiye sagonja: amatsala ngati mchenga ndi nsangalabwi.

Wokumba mjigo amadutsa m'magawo amenewa motsatizana, ndipo amene amaimirira pafupi angathe kuwaona m'zimene makina akulavula. Pamwamba pamatuluka dothi lofiira. Kenako pamabwera dongo lonona, lotuwa kapena lachikasu, limene limasunga chinyontho koma silichitaya msanga. Kutsikirapo pamabwera mwala wowola umene ukuonetsabe mizere yake koma umafumbutuka m'manja. Pansi pa umenewu pali gawo la mwala woswekasweka, wa zidutswa zokhakhala, ndipo pomalizira pake makina amayamba kulira mosiyana, fumbi lotuwa n'kumatuluka: afika pathanthwe lamoyo. Madzi ambiri amene mjigo ungadalire amakhala m'munsi mwa mwala wowolawo ndi m'gawo loswekasweka lija. Kupitirira apo, madzi amangopezeka m'ming'alu, ngati makina achita mwayi woilasa.

Apa ndi pamene pagona yankho la midzi iwiri ija. M'malo ambiri a chidikha chino mwala unawola mpaka mamita 15 kapena 30, koma sunawole mofanana. Pamene thanthwe linali ndi ming'alu yambiri, kapena pamene panachuluka mica, kuwolako kunalowa pansi kwambiri ndipo pali nkhokwe yabwino ya madzi. Pamene panali mwala wouma gwa wa quartz wambiri, thanthwe lamoyo lili pafupi ndi pamwamba, ndipo nkhokweyo ndi yosaya. Malo awiri otere angathe kutalikirana ndi mamita 100 okha. Pansi pano palibe nyanja kapena mtsinje waukulu woti aliyense woboola aupeze. Pali timatumba ta madzi tosiyana kukula, tina tolumikizana, tina tapatokha. N'chifukwa chake malo oyenera mjigo kawirikawiri sakhala pamene anthu akufuna. Pamsana pa chitunda, pafupi ndi phiri la mwala, pangakhale pabwino kumangapo tchalitchi koma n'kukhala pouma.

N'chifukwa chakenso akatswiri amayenera kuyeza malo asanaboole. Amakhoma zitsulo m'nthaka, kulumikiza mawaya ndi kudutsitsamo magetsi, pakuti mwala wowola wonyowa umalola magetsi kudutsa mosavuta kusiyana ndi thanthwe louma. Njirayi ndi yothandiza, koma si ula. Dongo nalo limadutsitsa magetsi bwino, graphite ndiye kwambiri, moti m'madera amene mwala uli ndi graphite makina angathe kusonyeza ngati pali madzi pomwe palibe. Woyeza wabwino amayang'ananso kayalidwe ka malo, madambo, ndi mbiri ya mijigo ina yapafupi. Mudzi umene wauzidwa kuti malo amene unasankha sakuyenera ufunse zifukwa, ndipo uzimve. Koma kukakamira malo chifukwa cha ulemu wa munthu ndi kumene kwasiya zitsulo zambiri zitaima pouma.

Kukumba mozama si mankhwala a vuto lililonse. Mijigo yambiri ya m'miyala yotereyi imalekezera pa mamita 30 mpaka 50, ndipo pampu ya Afridev imene ili m'midzi inapangidwa kuti izikweza madzi kuchokera pa mamita osapitirira 45. Pampu imeneyi ili ndi mizu yake m'dziko muno: kholo lake, pampu ya Maldev, linayesedwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, nthawi ya ntchito yokumba mijigo m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu. Mjigo wa pampu yamanja umawerengedwa kuti utumikire anthu pafupifupi 250, ndipo sufuna madzi ochuluka: lita imodzi pa masekondi anayi alionse imakwanira. Thanthwe lino limatha kupereka mlingo umenewu m'malo ambiri. Chimene silipereka kawirikawiri ndi madzi a pampu yamagetsi kapena yoyendera dzuwa yodzaza thanki yaikulu, yothirira munda ndi kumwetsa midzi isanu. Ntchito zotere n'zabwino, ndipo pali malo amene zimatheka, koma kuika pampu yamphamvu pa kathumba kakang'ono ka madzi n'kuumitsa mjigo umene ukanatumikira mudzi zaka zambiri. Mjigo uyesedwe kaye popopa madzi kwa maola angapo, ndipo chiyeso chokhulupirika ndi cha kumapeto kwa chilimwe, osati cha mu Febuluwale pamene nthaka yonse yakhuta.

Madzi amenewa si ochokera kutali. Ndi mvula yomwe imagwa m'minda ya m'mudzi momwemo, imene kagawo kake kochepa kamalowa pansi. Munda wa mizere yotchinga madzi, wa mapesi ophimbira ndi wa mitengo umamwetsa nthaka; malo ogugika amathamangitsira mvula kumtsinje. Pa chifukwa chomwecho, chimbudzi kapena khola loyandikana ndi mjigo ndi ngozi, makamaka pamene thanthwe lili pafupi, popeza mng'alu susefa madzi monga amachitira mchenga. Mamita 30 ndiwo mtunda wochepetsetsa, ndipo chimbudzi chizikhala kumunsi kwa mjigo.

Mwala umaperekanso kakomedwe ka madzi. Madzi a mijigo ina amafiiritsa ndowa ndi zovala chifukwa cha chitsulo chochokera mumwala, ngakhale nthawi zina vuto limakhala dzimbiri la zitsulo za pampu. Madzi otere amanyansa m'maso koma kawirikawiri savulaza, ndipo choopsa chake n'chakuti amathamangitsira anthu kuzitsime zosatetezedwa. Madzi ena amawawa. Kuphiri la Malingunde ndi kumadera ena a Dowa kuli mwala wa pyrite, wonyezimira ngati golide koma si golide, umene ukawola umasiya mchere wowawa m'madzi.

Vuto lobisika ndi la fluoride, chifukwa saoneka, sanunkha, ndiponso samveka pakamwa. Amachokera mu mica, mu hornblende ndi m'miyala ina ya m'thanthwe. Wochepa amalimbitsa mano, koma akachuluka amathimbiriritsa mano a ana, ndipo akapyola pamenepo kwa zaka zambiri amawononga mafupa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi. Kafukufuku wa m'dera la Nathenje anapeza mijigo yopitirira mlingo umenewu, pamodzi ndi ana a sukulu a mano othimbirira. Ana otere amanenedwa kuti satsuka mkamwa, chonsecho mlandu ndi wa mwala. Kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride, ndipo klorini naye samuchotsa. Zimenezi zimapha tizilombo basi. Mudzi umene ana ambiri ali ndi mano otere udziwitse mlangizi wa zaumoyo ndi ofesi ya zamadzi ya khonsolo kuti madziwo akayezedwe, pakuti kawirikawiri mjigo wina wapafupi umapezeka kuti uli bwino.

Kuwola komweku kwa mwala ndi kumene kwabweretsa makampani a migodi. Ambiri akukumbukira ndege ya kauniuni imene inkauluka chapansipansi, zotsatira zake n'kulengezedwa mu 2015. Ndege ija sinkaona miyala ya mtengo wapatali monga ena ankanenera. Inkayeza mphamvu za maginito ndi zizindikiro zina za m'thanthwe kuti nthambi ya boma yoona za miyala, imene likulu lake lili ku Zomba, ikonze mapu abwino. Chuma chenicheni chimatsimikizika poboola nthaka ndi kuyeza dothi lake.

Ku Kasiya, gneiss wa kumeneko anachokera kumatope a pansi pa nyanja yakale, amene munali zotsalira za tizamoyo ting'onoting'ono ndiponso titanium. Pa moto wa kukankhana kuja, zotsalirazo zinasanduka graphite, uja amakhala m'kati mwa pensulo, amenenso masiku ano akufunika kwambiri popanga mabatire a galimoto zamagetsi. Titanium anaundana n'kukhala rutile, amene amapangira utoto woyera wa penti, ndodo zowotcherera zitsulo ndi chitsulo chopepuka cha ndege. Rutile sawola. Pamene feldspar ndi mica zinkasungunuka n'kukokoloka, iye ankatsalira, motero anachulukana m'dothi la pamwamba, pomwe graphite amachuluka chapansi pang'ono mumwala wowola. Kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals, imene kampani yaikulu ya Rio Tinto inagulamo masheya mu 2023, inalengeza chaka chomwecho kuti pamalopo pali matani 1.8 biliyoni a dothi lokhala ndi rutile pafupifupi 1 peresenti ndi graphite 1.4 peresenti. Malinga ndi kampaniyo, palibe malo ena odziwika padziko lapansi amene ali ndi rutile wochuluka chotere.

Manambala amenewa ayenera kumveka bwino. Pa makilogalamu 100 alionse a dothi lokumbidwa, chotengedwa ndi makilogalamu awiri ndi theka okha kapena kucheperapo. Chotsalacho chiyenera kubwerera m'dzenje. Mgodi wake si wa ngalande zolowa pansi pa phiri. Ndi wokumba pamtunda, wotambalala, ndipo popeza mwalawo ndi wofewa, sufuna kuphulitsa ndi mabomba. Umenewu ndi ubwino weniweni, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene malowa akukopera anthu a ndalama. Koma dothi lofewalo ndi munda wa chimanga ndi fodya pamwamba pake, ndiponso ndi nkhokwe ya madzi m'munsi mwake. Walira mvula walira matope, anatero akale. Ntchito, misonkho ndi misewu zimene mgodi ungabweretse n'zofunika ndithu m'boma limene achinyamata ambiri ali pa ulova, ndipo palibe chifukwa chonyozera zimenezo. Palibenso chifukwa chochitira manyazi kufunsa mafunso.

Mafunso oyenera amachokera m'kapangidwe ka thanthwe komwe kafotokozedwaka. Dzenje lidzafika mamita angati, ndipo madzi a pansi pamalopo amayambira pa mamita angati? Ngati dzenje lidzapyola pamene pali madzi, madziwo adzapopedwa kupita kuti, ndipo mijigo ndi madimba a m'madambo oyandikana zidzakhudzidwa mpaka mtunda wotani? Madzi otsukira dothi adzachokera kuti? Dothi la pamwamba, limene lili ndi chonde, lidzasungidwa padera motani, ndipo dzenje likakwiriridwa mvula idzalowa pansi monga kale? Mu 2024 kampaniyo inakumba dzenje loyeserera, n'kulikwirira ndi kudzalapo mbewu pofuna kuonetsa kuti nthaka ingabwerere mwakale. Makomiti ali ndi ufulu wopempha kuti zotsatira zake azifotokozeredwe m'Chichewa, ndiponso kuti azione kwa nyengo zingapo za ulimi, popeza chaka chimodzi sichikwanira kuweruzira munda.

Malamulo ali kumbali ya anthu ofunsa. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu ngati imeneyi iyambe yaunikidwa momwe idzakhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, ndipo eni dera amayenera kufunsidwa maganizo. Lamulo la migodi la 2023 limafuna kuti mwini mgodi waukulu achite pangano la chitukuko ndi anthu okhudzidwa. Lamulo la zamadzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limene limapereka zilolezo zotunga madzi ochuluka ndi kulembetsa okumba mijigo. Komabe lamulo limathandiza amene ali ndi umboni. Mudzi umene udzadandaule kuti mjigo wake waphwa chifukwa cha mgodi, kapena chifukwa cha pampu yaikulu ya munda wapafupi, udzafunsidwa kuti madziwo ankayambira pati kale. Wopanda yankho lolembedwa adzauzidwa kuti ndi chilala.

Umboni umenewu si wovuta kuupeza. Wokumba mjigo aliyense amayenera kulemba lipoti la ntchito yake: kuya kwa mjigo, magawo a dothi ndi mwala amene anadutsamo, pamene anakumana ndi madzi, pamene anaika mapaipi oboola, kuchuluka kwa madzi poyesa, ndi zotsatira za kuyeza ukhondo wake. Komiti ya mjigo ipemphe kope la lipotili ntchito isanalandiridwe, ilisunge pamodzi ndi buku la zopereka, ndipo kope lina lipite kuofesi ya zamadzi ya khonsolo. Pamene mjigo ndi wakale ndipo lipoti lake linasowa, mmisiri wokonza mijigo angathe kuyeza pamene madzi alekezera nthawi imene watsegula pampu. Kuyezako kuchitike kawiri pachaka, mu Epulo mvula itangotha ndi mu Novembala isanayambe, ndipo mlembi wa komiti alembe tsiku ndi mamita ake m'buku.